Chithovu cha M'mipando ya Boti

Zimitsani kawailesiko, ana inu. Iwe Zeka, telefoni ilowe m'thumba, fodya sasankha ndi dzanja limodzi. Masamba ofiira uku, akuda uko, othothoka m'dengu. Felisha, sendera kuno pafupi, chifukwa nkhani ndikufuna kukuuzaniyi iwe ulimo, ngakhale kuti nthawi imeneyo unali kanthu kakumsana kosadziwa ndi dzina lomwe.

Ndimakumvanitu mukamandiseka. Mumati agogo amasamba m'beseni paseri pa nyumba pamene amuna anzawo onse amapita kunyanja. Mumati agogo akaona chithaphwi amachizungulira ngati mbuzi. Sekani, n'zoona. Madzi ndimawaopa, ndipo sindinayambe lero.

Ine ndine mwana wa kumapiri, ku Massangulo. Kwathu kuja mtsinje ukadzaza kwambiri unkalekeza m'chiuno, ndipo tinkangokhala pamwala kuudikira kuti uphwe. Kusukulu ya kumishoni tinkapita wapansi, mame akutinyowetsa mpaka m'ntchafu, chimanga chokazinga chili m'thumba la kabudula. Inu lero mukapanda kupatsidwa mabolasha, mabisiketi anu aja, mumati mutu ukupweteka. A Padiri anatiphunzitsa kuwerenga, kuimba ndi kugwira nyundo. Kusambira palibe anatiphunzitsa, chifukwa posambira penipenipo panalibe. Nyanja ndinaiona ndili ndi ndevu kale, pamene ndinatsikira kuno ku Amaramba kudzakwatira agogo anu akazi, malemu Rozina.

Kenako inabwera nkhondo. Msewu wa ku Mandimba unali wosayendeka, ndiye tinathawira kumwera, kudzera m'mabango, mpaka ku Chiuta kumene anthu ankaolokera ku Malawi. Bambo anu Tomasi anali asanayambe kuyankhula bwinobwino. Tinakwera bwato la mtengo, anthu thithithi, mitolo pamutu. Tili pakati mphepo inadzuka, madzi anayamba kulowa, ndipo bwato linadzaza mpaka m'milomo. Mwini bwato anakuwa kuti, "Musasiye bwato! Gwirani m'mphepete!" Tinagwira. Matupi athu anali m'madzi, bambo anu atandikanirira pakhosi, koma bwato silinapite pansi. Linangoyandama chodzaza choncho mpaka asodzi anatipeza.

Tsiku limenelo mantha a madzi anandilowa m'mafupa. Koma ndinatenganso nzeru ina imene ndinaimeza osatafuna: ndinkati chombo chilichonse chikadzaza madzi chimayandama, bola munthu agwiritse. Zaka zonse zotsatira palibe anandiuza zosiyana, chifukwa tonse kuno tinkadziwa mtengo wokhawokha.

Ku Malawi kuja ndi kumene ndinaphunzira kukhoma ndowa. Zitini za mafuta ophikira tinkazisandutsa nyale, mbaula, makapu, ngakhale timasutikesi. Palibe chinkatayidwa. Inu chidebe chikang'ambika mumaponya kudzala, ife chinkakhala ndi zigamba mpaka osadziwa kuti chidebe chenicheni n'chiti. Mtendere utabwera tinabwerera kuno, ine ndili ndi nyundo ziwiri, sizasi yodulira malata, ndi kachidutswa ka njanji kokhomerapo. Anthu ankanditamanda kuti chimene Lusiyano wakhoma sichidontha, ndipo mawu amenewo ankandikomera kuposa nyama.

Zaka zinapita, bambo anu anakula, nakwatira mayi anu Marita a kumapeto kwa mudzi uno. Msika wa Loweruka unali kutsidya ngati lero, ndipo aliyense wofuna mchere kapena chimanga ankaoloka pa bwato. Loweruka lililonse ine ndinkakhala pakhonde maso ali kunyanja mpaka nditaona ana anga abwera. Ndinkalakalaka chombo cholimba, chachitsulo, choti mwana wanga asamakwerenso chipika chogoba.

Boti lija ndinalipeza ku Mandimba, paseri pa loja, sitolo yakale imene eni ake anathawa nkhondo. Linali lovundikira pansi, abakha akuikira mazira kunsi kwake. Linali la aluminiyu, lotuwa mbuu, lopindikapindika, mabowo ena ozungulira bwino olowa chala, amene aliyense wa msinkhu wanga amadziwa chimene chinaboola. Osungunula mapoto anali atalizungulira kale kuti alidule. Mwini malo watsopano anandipatsa ine nditamukhomera denga la nyumba yake. Galimoto ya fodya inalitula pamsewu, ndipo kuchokera pamenepo analinyamula amuna asanu ndi atatu pamapewa. Polowa m'mudzi amayi ena anatuluka m'nyumba atagwira pamutu, kuyesa kuti kwabwera maliro.

Ndinaliika pa zipika ziwiri pansi pa mtengo wa mango uja mumathyolako osapempha. Chilimwe chonse ndinathera pamenepo. Aluminiyu ndi chitsulo chaulemu, ana inu, sichifuna ukali. Ukachimenya ndi nyundo yachitsulo chimatambasuka n'kung'ambika, ndiye ndinasema nyundo ya mtengo, n'kumaongola pang'onopang'ono, chiphindi chimodzi tsiku lathunthu. Zigamba ndinkadula ku mapoto akale. Misomali wamba sindinaikepo, ndinkadziwa kuti ichita dzimbiri. Ndinkadula waya wa aluminiyu tizidutswa tatifupitifupi, kulowetsa pabowo, n'kuphwanya mitu mbali zonse ziwiri. Agogo anu akazi ndiwo ankagwira kanjanji kaja kuseri ine ndikukhoma.

"Inu bambo a Tomasi," ankatero, "makutu angawa mudzandigulira ena? Munthu wosamba m'beseni n'kumakonza boti, anthu akutiseka."

"Aseke," ndinkayankha. "Tsiku lina adzapempha malo."

Mabowo anatha, koma mizere yolumikizira inkadonthabe. Ukathira madzi m'kati, kunsi kunkatuluka timadontho ngati thukuta. Phula ndinalibe. Ndiye tsiku lina ndinayang'ana mipando. Botilo linali ndi mipando itatu yopingasa, iliyonse ngati bokosi lotsekedwa mbali zonse, ndipo m'kati munkamveka makoswe. Ndinatsegula umodzi. Munali modzaza ndi zoyera zija zopepuka zimene amatchinjirizira wailesi yatsopano m'katoni. Ku Cuamba zili ndi dzina lake lachipwitikizi, ife tinkangoti chithovu. Makoswe anali atadya pakona pokha, kwinako kunali kwabwinobwino, zigulu zikuluzikulu zoyera mbee.

Mtima wanga unasangalala. Mukudziwa inunso chimene timachita nacho chithovu kuno. Umachinyenya m'kachitini, n'kuthira gazolina, petulo uja, pang'ono, chimasungunuka n'kukhala ulimbo. Ulimbo umenewo ukamata pabowo la lata, mvula ibwere ya mtundu wanji, sipadontha. Ndinati azungu aja anali opusa, kutsekera chuma chotere m'mipando kuti makoswe agonepo. Ndinatsegula mipando yonse itatu, n'kutulutsa chilichonse mpaka kusesa. Ndinamata mizere yonse m'kati ndi kunja, ndipo chithovu chinatsalabe chambiri.

Mbiri inamveka m'mudzi, ndipo aliyense wa denga lodontha anabwera ndi kachitini. Anabweranso asewere anga, mayi Anjelina, mayi wa mayi anu. Inu simunawadziwe. Anali aafupi, ofika paphewa langa apa, koma mawu awo ankamveka kudambo. Ine ndi iwo tinkangokhalira kunyozana.

"Asewere," anatero, "ndamva kuti mwapha njovu. Mundigawireko, nyumba yanga usiku wa mvula ndimagona ndi mbale pamimba."

"Mwana wanu anandilanda mwana wanga, lero mukufunanso chithovu changa?" ndinatero.

"Mwana wanu wodya ngati chiswe uja? Mukamutenge, mundipatse chithovu."

Ndinawapatsa chigulu chachikulu kuposa onse, anachisenza pamutu n'kumapita akuvina. Mipando yopanda kanthu ija ndinaiikira zivundikiro za mahinjesi kuti anthu aziikamo mchere ndi sopo zisanyowe. Ndinkaitana aliyense wodutsa kuti adzaone nzeru zanga.

Tsiku loyesa, amayi anatunga madzi m'mawa wonse kudzaza botilo pabwalo pomwepa. Ndinagona chagada kunsi kwake mpaka dzuwa kupendeka, maso ali pamizere. Panalibe ngakhale dontho limodzi. Mvula yoyamba itagwa tinalitengera kunyanja. Bambo anu anagwira nkhafi, anzawo awiri nsungwi zokankhira, ndipo linayenda mopepuka, lowala waliwali. Anthu anandikakamiza kuti ndikwere, ine ndinati mwendo ukupweteka. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse bambo anu ankaolotsa anthu, ndipo eni mabwato anayamba kutiyang'ana ndi diso lofiira. Ine ndinasiya kudikira pakhonde ndi mantha.

Mwezi wa Fevereru, nkhokwe zitayera, ndinapita ku Cuamba kukaona mlongo wanga amene ankadwala, ndi kukagula utoto wabuluu woti ndipake botilo. Loweruka m'mawa ndinali pakhonde ndikumwa tiyi ndi bambo wina wachikulire woyandikana nyumba ndi mlongo wanga, Che Amidu. Ali mnyamata anagwirapo ntchito ya maboti ku Metangula zaka zambiri. Nditamva zimenezo ndinati lero ndapeza munthu woti andiyamikire modziwa. Ndinamufotokozera zonse, za nyundo ya mtengo, za waya, za zigamba. Ankangogwedeza mutu kuvomereza. Kenako anafunsa.

"Nanga zoyera za m'mipando zija munazipeza zili bwino? Sizinamwe madzi?"

"Chithovu? Ndinachotsa chonse. N'chimene ndinamatira mizere."

Anaika kapu pansi. Ine ndinali ndikumwetulirabe ngati chitsiru.

"Chonse, achimwene?"

"Mpaka kusesa."

Anadzuka, analowa m'khitchini ya mlongo wanga, natuluka ndi chipande cha mtengo ndi mbale ya aluminiyu. Pakona pa nyumba panali mgolo wodzaza madzi a mvula. Anandikodola. Anaika chipande pamadzi, n'kuchikankhira pansi ndi chala. Chinadzaza, koma atachotsa chala chinabwerera pamwamba.

"Ili ndi bwato," anatero.

Anaika mbale. Inayandama bwinobwino, yonyada. Anangoipendeketsa pang'ono kuti madzi alowe pamlomo. Sindinathe ngakhale kuphethira. Ndinangomva kuti ngwe, pansi pa mgolo.

"Ili ndi boti lanu. Zoyera zija amaziikira dala. Ndizo zimagwira boti likadzaza madzi, kuti anthu apeze pogwira. Popanda izo limapita pansi ngati khasu. Lili kuti panopa?"

Ana inu, ine ndamvapo mfuti ikulira pafupi, koma sindinaopepo ngati m'mawa umenewo. Linali Loweruka. Ndinkadziwa kuti boti laoloka kale kupita kumsika. Ndinkadziwa kuti mayi anu anapita kukagula chimanga, iwe Felisha uli kumsana, ndipo mayi Anjelina anawaperekeza. Ndinkadziwanso kuti pobwerera, dzuwa likapendeka, ndi pamene boti limakhala lodzaza matumba, ndi pamene mphepo ya mvula imadzuka pa Amaramba.

Mlongo wanga anali ndi telefoni, koma ukanaimbira ndani? Masiku amenewo kuno kunalibe ngakhale chulu chokwerapo kuti munthu agwire mawu. Utoto ndinausiya pakhonde pomwepo. Che Amidu anandikuwira ndili kale pamsewu kuti, "Zigubu! Mukapeze zigubu zopanda kanthu, zotseka bwino!"

Msewu wa Cuamba inu mumaudziwa wa phula, mumagona m'galimoto n'kudzuka mwafika. Nthawi imeneyo unali matope okhaokha. Shapa, minibasi yonyamula anthu ija, inadikira kuti idzaze, ine ndikupondaponda, mpaka wotolera anthu anandifunsa ngati ndatsegula m'mimba. Titanyamuka tinatitimira kawiri. Amuna ena ankatsika monyinyirika, ine ndinkakankha ngati wamisala, matope mpaka m'kamwa. Mayi wina anandipatsa chimanga chootcha, ndinachigwira m'manja ulendo wonse osaluma. Ndikatseka maso ndinkangomva mbale ija kuti ngwe.

Ndikuuzeni zoona, popeza lero ndi tsiku la zoona. Mantha anali awiri m'galimoto muja. Ndinkaopa kuti ana anga amira. Koma pansi pa mantha amenewo panali ena aang'ono, onyansa: ndikafika ndikanene chiyani? Ine Lusiyano, amene chimene wakhoma sichidontha, ndikaime pamaso pa mudzi wonse ndi eni mabwato aja, n'kunena kuti ndinasungunula moyo wa boti ndi manja anga, wotsalawo n'kugawira anthu amatire madenga? Ndinkadziuza kuti ndikafika nthawi yabwino, ndikaletsa botilo mwakachetechete, ndikakonza popanda wina kudziwa.

Ndinatsika pamphambano, n'kukwera njinga ya munthu mpaka kudooko. Dzuwa linali litapendeka kale. Kum'mawa kunali bii, ndipo mabango anali atayamba kugona mbali imodzi. Patali pamadzi ndinaona kanthu kowala. Anali atanyamuka kale kutsidya.

Padooko panali amayi akutunga madzi. Ndinawalanda zigubu, ndikukhuthula madzi awo pansi, iwo akukuwa kuti a Lusiyano apenga. Ndinapeza zisanu. Msodzi wina, Che Bwanali, anali akukokera bwato lake kumtunda kuthawa mphepo. Ndinamugwira miyendo.

"Ndiperekezeni kukakumana ndi boti lija."

"Inu? Pamadzi? Mukuona kumwambaku?"

"Ndikuona. Muli ana anga m'menemo."

Anandiyang'ana nkhope, osafunsanso, nakankhira bwato m'madzi. Ndinakhala pansi penipeni, zigubu ndazikumbatira. Chichokere ku Chiuta ndinali ndisanakwerenso chombo. Mafunde ankamenya mutu wa bwato n'kundithira kumaso. Ndinayesa kupemphera, koma pemphero lililonse limene ndinaphunzira kumishoni linathawa, ndinkangobwereza dzina la bambo anu.

Tinakumana nalo litadutsa pakati. Linali lozama, mpata pakati pa madzi ndi mlomo wake unali chikhatho chimodzi. Munali anthu khumi ndi mmodzi osawerengera iwe Felisha, njinga ziwiri, ndi matumba a chimanga atasanjikizana pakati. Amayi awiri ankakapa madzi ndi mbale. Bambo anu atandiona anasiya kupalasa.

"Ababa! Mukutani pamadzi? Kwagwanji kumudzi?"

"Tayani matumba!" ndinakuwa. "Tayani matumba onse m'madzi, njinganso!"

Anthu anayang'anana. Muyenera kumvetsa, ana inu, unali mwezi wa njala. Thumba lililonse linali nkhuku kapena mbuzi imene munthu anagulitsa kuti ana ake afike pa zokolola. Bambo wina anagona pathumba lake n'kunena kuti amene alikhudze ayambe waponya iyeyo. Bambo anu anati, "Ababa, mphepo yotere tadutsamo kangapo, tatsala pang'ono kufika." Ndipo mayi Anjelina, atakhala pampando wapakati, chitenje chili chonyowa, anaseka.

"Asewere, mwayamba liti kukayikira ntchito yanu? Boti lanu ndi lachitsulo ili. Likadzaza tigwira m'mphepete, mukuopanji?"

Pamenepo ndi pamene ndinayenera kunena. Mawu anali ochepa: likadzaza silidikira, ndinachotsa chimene chimaligwira. Akanamva zimenezo kuchokera pakamwa pa mwini wake wolikonza, matumba akanapita m'madzi nthawi yomweyo, ngakhale bambo wogona pathumba uja akanadzuka. Ndinatsegula pakamwa. Ndinaona maso onse aja, ndinaona Che Bwanali mwini bwato ali kumbuyo kwanga, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Mphepoyi ndi yoipa." Basi. Ndinatambasula manja kwa mayi anu n'kunena kuti andipatse mwana. Anazengereza, kenako anakumasula n'kukupereka. Unali wofunda, ukuyamwa chala, osadziwa kanthu.

Sitinayende nthawi yaitali. Mabango a kwathu anali akuoneka bwinobwino, ngakhale amayi a zigubu aja ankaoneka ataima padooko. Funde limodzi linalowa chakumbuyo, anthu anapendekera mbali imodzi kulithawa, ndipo lachiwiri linalowa lonse. Ndinamva mawu a bambo anu akukuwa chimene anaphunzira kwa ine, chimene ndinkawauza kuyambira ali mwana: "Musasiye boti! Gwirani m'mphepete!"

Anagwira. Ndipo linapita nawo. Panalibe phokoso, panalibe kupendekeka kwa nthawi yaitali. Pamene panali boti panatsala madzi okhaokha, chipewa cha munthu, ndi tomato akuyandama.

Kenako mitu inayamba kutuluka. Ndinaponya zigubu ndi dzanja limodzi, linali likukugwira iwe. Che Bwanali ankakoka anthu ndi nkhafi kuti agwire m'mphepete mwa bwato, akuwakalipira kuti asakwere. Mayi anu anatuluka pafupi ndi ine, ndinawagwira tsitsi. Mabwato ena anali atanyamuka kale padooko. Ndinawerenga mitu: isanu ndi itatu, isanu ndi inayi, khumi. Ndinawerenganso. Khumi. Mayi anu anayamba kuitana, "Amayi! Amayi!" Bambo anu anamira pansi, anatuluka, anamiranso, anatuluka magazi akutuluka m'mphuno, mpaka amuna awiri anawagwira mwamphamvu. Mayi Anjelina anali atagwiritsa mpando monga anauzidwira. Tinawapeza mawa lake m'magumbwa.

Pamaliro, abale a mayi anu anakhalitsa bambo anu pakati pa bwalo. Anati dyera, anadzaza boti mopitirira, wapha apongozi ake chifukwa chofuna kunyamula aliyense. Bambo anu anangozyolika, misozi ikugwera m'fumbi. Ine anthu ankabwera kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Ankati Mulungu anandiululira ndili ku Cuamba, ankati popanda zigubu zanga mudzi ukanaika maliro khumi. Wina anaima n'kunena kuti, "Bambo ake anamuuza kuti ataye matumba, iye anakana." Ndinali nditakhala pamenepo, pamkeka wa akuluakulu. Ndinati ndinena pakatha maliro. Maliro atatha ndinati ndinena pakatha kumeta. Kenako ndinati mitima iyambe yazizira.

Mayi anu anakhala nyengo yonse ya zokolola osayang'ana bambo anu kumaso. Bambo anu sanagwirenso nkhafi mpaka lero. Inu mumati ndi munthu wosaseka, mumati amakwiya msanga mukachedwa kunyanja. Kale sanali choncho, anali woimba, ankapalasa akuimba. Chaka chilichonse amapita okha kukalambula manda a mayi Anjelina anthu ena asanafike, ndipo ine ndimawaona akudutsa ndi khasu, n'kulowa m'nyumba. Agogo anu a Rozina anamwalira akuganiza kuti mwamuna wawo ndi ngwazi. Che Amidu yekha ndiye ankadziwa, ndipo chiyambire tsiku lija sindinadutsenso pakhonde pake. Ndinamva kuti anatisiya chaka chatha. Nditamva ndinapumira m'mwamba ngati munthu wotula katundu, ndipo kupuma kumeneko n'kumene kwandichititsa manyazi kuposa zonse.

Usalire, Felisha. Zeka, tseka pakamwa, mulowa ntchentche. Ndayamba ndi inu chifukwa ndinu ana, ndimafuna ndione ngati mawuwa angathe kutuluka m'kamwa mwanga. Atuluka. Taonani, tsamba ili ndalinyenya lonse.

Bambo anu ali kudimba, mayi anu ali kuchigayo. Iwe Zeka thamangira kudimba, iwe Felisha kuchigayo. Musakawauze kanthu, mukangoti agogo akukuitanani nonse awiri, tsopano lino. Mukandipeza pompano. Fulumirani, ndisanayambenso kunena kuti mawa.